Lilime la a NyaMsiska

Loweruka lapitali kunabwera bambo wina pakhomo pano, dzanja limodzi lili pa chiwongolero cha njinga, lina litaphimba diso. Anati wachokera kumtunda, ndipo anamva kalekale kuti kuseri kwa msika wa Uliwa kuli mayi amene amachotsa chitsotso m'maso ndi lilime. Ndinamuuza kuti mayiyo tinawaika m'manda chaka chatha, nyengo ngati yomwe ino yokolola mpunga. Sanandikhulupirire msanga. Anasuzumira pakhonde ndi diso labwinolo ngati kuti ndawabisa m'nyumba. Ndinamutsira madzi oyera m'diso ndi kapu, ndinamuletsa kutikita, kenako ndinamulozera njira ya kuchipatala. Atapita ndinakhala pansi. Chaka chonsechi ndakhala ndikuzemba kulemba za a NyaMsiska.

Ndinawadziwa ngati eni nyumba. Boma litanditumiza kudzaphunzitsa kuno kuchokera kwathu ku Dedza, nyumba za pasukulu zinali zodzaza, ndiye wina anandilondolera ku kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yawo. Anali mayi wamtali, wowonda, wa mawu okhoza kudzutsa mudzi wonse. Ankakhala ndi mdzukulu mmodzi, Tawonga, mwana wa mwana wawo wamkazi amene anamwalira. Dzina langa sanalitchulepo n'kamodzi komwe. Kwa iwo ndinali Asambizgi, ndiko kuti aphunzitsi pa Chitumbuka, ndipo akakwiya ndinkasanduka "wa ku Dedza". Chichewa chawo anachitola pa msika ndi pa wayilesi, ndipo chikawathera pakati pa mkangano ankangopitiriza pa Chitumbuka osasamala kaya ndikumva.

Mikangano inalipo yambiri. Munthu wolowa pakhomo pawo asanalankhule ankamutenga ngati wakuba. Unkayenera kuyamba kuodira ukadali kumpanda, apo ayi unkafunsidwa kuti ndiwe mwana wa yani woyenda mwakachetechete ngati mphaka. Chinthu chilichonse chinali ndi malo ake, ndipo tsoka kwa wochisuntha. Tsiku lina ndinasiya mbaula yanga pa kanjira kochokera kukhonde kupita kukhitchini. Anaipunthwa, makala ali mbwee, ndipo anandilalatira kuyambira m'mawa mpaka ndinabwerako kusukulu ndinapeza akadali pa nkhani yomweyo. Ndinkati ndi nkhanza za eni nyumba basi. Ndinkasiriranso mmene ankasankhira mpunga m'lichero: nkhope ataloza kwina, akucheza, zala zokha zikutola timiyala popanda kuphonya.

Pa nkhani ya maso anali wapolisi wa dera lonse. Mwana wotikita m'maso ndi manja afumbi ankamumenya pa dzanja, kaya ndi wa yani. Atsikana obwerekana wanja wopaka m'zikope, uja amabwera naye amalonda a ku Tanzania, ankawauza kuti akubwerekana manthongo. Amisiri owotcherera zitsulo pa Uliwa, amene amangotsinzina moto ukathetheka m'malo movala galasi, ankawaimira pakhomo pa shedi n'kuwauza kuti asadzabwere kwa iwo akulira. Mafoni atachuluka anapeza mdani watsopano, ndipo ankati mwana woyang'anitsitsa kagalasi kowala tsiku lonse amaiwala kuphethira. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti dzino likachoka umatafunira mbali ina, mwendo ukathyoka umagwira ndodo, koma diso ulibe pokalibwereka. Zambiri mwa zimenezi ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinazo zimandipweteka kwambiri.

Ntchito yawo yeniyeni inkafika mpunga ukacha. Kuno anthu amapeta mpunga poutsanulira m'mwamba kuti mphepo ya mwera iuluze mankhusu, ndipo mankhusuwo sasankha kolowera. Khusu la mpunga ndi lakuthwa, lili ndi timinga, likakakamira kuseri kwa chikope silichoka ndi misozi. Anthu ankafika pakhomo pawo atagwira kumaso, akulu ndi ana omwe. A NyaMsiska ankakhala pa kampando kawo kathabwa pakhonde, wodwalayo ankagona pa mphasa mutu uli pa miyendo yawo. Ankachukucha m'kamwa ndi madzi amchere, kukanula zikope ndi zala ziwiri, n'kuwerama. Lilime linkazungulira kamodzi kapena kawiri. Akatero ankalavulira m'dzanja n'kumuonetsa mwini diso kachitsotso kake. Pomaliza ankamupukuta ndi kansalu kofiira kamene kankakhala pa msomali wa pamwamba pa chitseko, n'kumudonthezera mankhwala a m'kabotolo kamene ankamangirira pa mfundo ya chitenje. Kansaluko kanali kamodzi komweko kwa aliyense.

Sindingalembe ngati munthu amene ankangoonerera. Chaka changa choyamba ndinadutsa kumene anthu ankapeta, mphepo inatembenuka, ndipo ndinafika pakhomo ndikulira ngati mwana. Ndinagona pa mphasa ija, ine mphunzitsi wa sayansi. Lilime lawo linali lofunda ndi lokhakhala, ndipo ululu unatha nthawi yomweyo. "Onani, Asambizgi," anatero akunditambasulira dzanja. Ndinaona khusu. Iwo sanayang'ane m'dzanjamo, anangolikhudza ndi chala chachikulu, koma zimenezo ndinadzazikumbukira patapita zaka. Akumasula mfundo ya chitenje belu la kusukulu linalira, ndipo ndinathawa ndisanadonthezedwe. Si nzeru zimene zinandipulumutsa, ndinkangoopa kuchedwa.

Kabotolo kaja kanali ka kuchipatala, ka nthawi ya malemu amuna awo, zolemba zake zitafufutika. Kakatha ankakadzazanso okha. Ankagula mankhwala odontheza m'maso kwa munthu wina woyala mankhwala pansi tsiku la msika, aja amayeretsa diso lofiira tsiku limodzi, n'kusakaniza ndi madzi ofinya ku masamba amene dzina lake sankauza munthu. Iwo eni ankadontheza m'mawa ndi madzulo, poti utsi wa m'khitchini unkawafiiritsa maso. Ankanyadira kuti maso awo ndi oyera ngati a khanda, ndipo analidi oyera.

Chipatala ankadana nacho chifukwa cha amuna awo, a Gondwe. Nkhaniyo ankaikamba mwachidule: anapita ndi maso awiri, anabwera ndi limodzi. Ankathera pomwepo. Anzawo a kumpingo ndi amene anadzandinong'oneza kuti a Gondwe anabayidwa ndi tsamba la mpunga m'munda, ndipo anakhala pakhomo mwezi wathunthu akudonthezedwa za m'mabotolo asanakwere galimoto. Pofika kuchipatala diso linali litaphulika kale. Mweziwo a NyaMsiska sankauwerengera, ndipo palibe amene ankalimba mtima kuwakumbutsa.

Pa maliro awo chaka chatha anthu anachuluka mpaka mumsewu. Wolankhula aliyense anatchula diso lake, kapena la mwana wake, limene linadutsa pa lilime lawo. Mayi wina atakhala pafupi nane ananena pa Chichewa chomveka bwino, kuti ndisaphonye, kuti thandizo la pamudzi pano linaphedwa ndi alendo. Ndinayang'ana Tawonga amene anakhala pafupi ndi bokosi, mutu ataupendeketsa pang'ono mmene amachitira akafuna kuona chinthu cha kumanja kwake. Zimene zinachitikira diso lakumanjalo ndi zimene ndikufuna kulemba.

Tawonga anali mu Sitandade 8, m'kalasi langa, ndipo mayeso anali atayandikira. Anali mwana wofatsa, wochenjera pa masamu, woopa agogo ake kuposa mmene ankaopera aphunzitsi onse pamodzi. Loweruka lina akuthandiza kupeta, khusu linamulowa. Agogo ake analichotsa monga mwa nthawi zonse, kumupukuta, kumudontheza. Lolemba anabwera m'kalasi diso likutuluka misozi, ndipo ndinati lipola. Lachitatu anabwera atamanga kumaso ndi kansalu kofiira. Ndinakazindikira ndili kutsogolo kwa kalasi, ndipo choko chinandigwa m'manja.

Pa nthawi yopuma ndinamutengera pamthunzi n'kumasula kansaluko. Kuwala kutangomufika anakuwa. Nditakanula chikope pang'onopang'ono ndinaona kadontho koyera pakati pa chakuda cha diso, kakang'ono ngati nsonga ya njere ya mpunga. Kuzungulira konse diso linali loyera bwino, losafiira n'komwe, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa. Diso lopweteka chonchi silimayenera kuoneka loyera.

Masana amenewo ndinaodira ndili kumpanda monga mwa lamulo. Ndinawapeza pa kampando kawo.

"Amama, diso la Tawonga silili bwino. Muli chilonda. Ndikupempha ndipite naye kuchipatala."

"Chilonda cha vichi? Khusu ndinachotsa ndekha. Tawonga, zanga kuno."

Atamva kuitanako, mwana anabwera n'kugwada patsogolo pawo. Anamugwira kumaso ndi manja onse, anakanula zikope, anayandikitsa nkhope yawo mpaka mphuno zinatsala pang'ono kugundana. Anakhala choncho kanthawi.

"Mulije kanthu. Mulibe kanthu, Asambizgi. Lapola ili."

"Amama, choyeracho simukuchiona? Chili pakati penipeni."

"Ine ndachotsa zitsotso inu musanabadwe. Lero mwana wa ku Dedza andiphunzitse diso?"

"Sindikukuphunzitsani. Ndikuti tikangoonetsa, akatiuze okha kuti lapola."

"Yayi! A Gondwe anapita kukaonetsa. Mwana wane sapita kukasiya diso m'mbale ya adokotala." Anaimirira, ndipo mawu anatsika, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. "Mumve bwino. Mwana uyu akakwera galimoto, katundu wanu akwerenso tsiku lomwelo."

Atatero anamasula mfundo ya chitenje n'kumudontheza ine ndikuona. Ndinapsa mtima, koma ndinalowa m'nyumba mwanga n'kutseka chitseko. Ndinali mlendo, mwana sanali wanga, ndipo mudzi wonse unkalumbirira lilime limenelo. Ndimachita manyazi kunena kuti ndinaganiziranso za kanyumba kanga, kuti ndikathamangitsidwa ndikalowera kuti pakati pa teremu.

Lachinayi m'mawa kadontho kaja kanali katakula, ndipo pansi pa chakuda cha diso panali kamzere ka mafinya. Ndinamuphimba diso labwino n'kulemba chilembo chachikulu pa bolodi, chotalika ngati mkono wanga. Ndinamufunsa kuti ndi chilembo chanji. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndalemba kale. Pamenepo mantha a nyumba anandithera. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo tsiku limenelo ndinaugwiritsa ntchito mwambiwo ngati chilolezo chobera mwana.

"Tenga juzi yako, tikupita."

"Madamu, agogo adzati ndawanyoza."

"Adzanena ine. Iwe udzati ndinakukoka."

Ndinamukokadi, chifukwa ankangoima n'kumayang'ana kumbuyo. Kuchipatala chapafupi sanatichedwetse. Amene anationa anawalitsa tochi kamodzi, anandiyang'ana, n'kulemba kalata yoti tipite ku Boma kwa a maso tsiku lomwelo. Vuto linali pa siteji. Minibasi inali ndi anthu anayi okha, ndipo dalaivala sankanyamuka isanadzaze. Tinakhala kumbuyo, dzuwa la Karonga likuwotcha malata a galimoto, Tawonga atabisa nkhope pa miyendo yanga. Msika unali pomwepo, ndipo kuseri kwa msika kunali kwathu. Mayi wogulitsa nthochi anasuzumira pa windo, anaona yunifolomu, anaona ine, n'kusiya lichero lake kwa mnzake. Ndinamuona akulowera kanjira kopita kwa a NyaMsiska. Munthu aliyense wamtali wotuluka mumsika ndinkati ndi iwo. Pamene galimoto inkanyamuka bulauzi yanga inali itanyoweratu.

Ku Boma anatilowetsa m'chipinda chotchinga makatani. Dokotala wa maso anali bambo wodekha, wolankhula pang'onopang'ono. Anadontheza mankhwala achikasu, anawalitsa kuwala kobiriwira, anayang'ana nthawi yaitali kudzera m'makina ake. Atadzuka anafunsa funso limodzi.

"Mwakhala mukuthiramo chiyani?"

"Madzi basi," anatero Tawonga.

"Mwana wanga, madzi sachita chonchi. Chilondachi chalowa kwambiri, ndipo chikapitirira diso likhoza kubooka. Pali mankhwala ena amene amayeretsa diso kunja pamene chilonda chikudya m'kati. Ngati ndi amenewo ndiyenera kudziwa lero, kuti ndidziwe poyambira."

Ndinanena kuti agogo ake anayang'anamo dzulo n'kunena kuti lapola, ndi kuti pali kabotolo, koma za m'kati mwake sindinkazidziwa bwino. Dokotala anatembenukiranso kwa mwana. Tawonga analuma mlomo n'kuyang'ana pansi. Iye ndi amene ankatumidwa kukathyola masamba ndi kukagula mankhwala aja pa msika, koma akanalolera kutaya diso kusiyana n'kutchula agogo ake pamaso pa adokotala. Ndinamunyengerera, ndinamuopseza, ndinatsala pang'ono kumugwedeza. Anatipatsa mpando m'chipinda momwemo kuti tidikire namwino wokonza za kugonekedwa, ndipo tinakhala pamenepo nthawi yaitali, mwana ali duu.

Mawu a agogo ake tinawamva ali kutali m'khonde la chipatala. "Mwana wane ali nkhu? Wakuba wa ku Dedza ali kuti?" Anali atakwera minibasi yotsatira. Chitseko chinatseguka, ndipo analowa atagwira chigongono cha bambo wa kabaza amene anawatenga ku depoti, atavala chitenje chawo cha kumpingo. Bamboyo anawasiya pakhomo n'kubwerera. M'chipindamo tinalimo anayi: dokotala, namwino, Tawonga ndi ine. Tonse tinadzidzimuka moti palibe amene analankhula, palibe amene anawapatsa moni.

Anaima pakati pa chipinda, mutu ukutembenuka uku ndi uku. Kenako anabwera molunjika kumene tinakhala, anatambasula dzanja, n'kundigwira ine pa mkono mwamphamvu.

"Nyamuka, Tawonga. Tiye kunyumba."

Tawonga anali pambali panga, atavala yunifolomu yabuluu. Ine ndinali munthu wamkulu, wonenepa, nditavala bulauzi yoyera. Anandikoka kachiwiri. Zala zawo zinafika pa wotchi yanga, zinaima, zinaipapasa. Anandisiya pang'onopang'ono.

"Agogo, ndili kuno," anatero Tawonga ndi mawu ang'onoang'ono.

Mbaula ija inandibwerera m'mutu, ndi malamulo a kuodira, ndi zala zosankha mpunga nkhope ili kwina. Pakhomo pawo ankadziwa aliyense ndi mawu, ankadziwa chilichonse ndi malo ake. M'chipinda chachilendo, mwa anthu osalankhula, analibe chogwira.

Dokotala anasuntha mpando n'kuwagwira pa phewa. "Amama, khalani apa. Palibe amene achotse diso la mwana lero. Koma ndikufunseni. Ndaimika zala zingati?"

Anayang'ana kumene kunkachokera mawu.

"Nanga dzulo, mutayang'ana m'diso la mwanayu, munaona chiyani?"

Atayankha, anayankha pa Chichewa, ngati kuti ankafuna kuti ine ndimve mawu alionse.

"Sindinaone kanthu. Ndi nkhope yake yomwe sindinaione. Chaka chachitatu chino ndimaona utsi wokhawokha, ndi kabowo kakang'ono pakati. Lilime ndi limene limaona. Ndikanati sindikuona, ndani akanabweranso pakhomo panga?"

Anapapasa m'chiuno, anamasula mfundo ya chitenje, n'kutambasula dzanja kabotolo kali m'menemo. Analozetsa kumene kunalibe munthu, ndipo namwino anachita kuzungulira kuti akalandire. Kenako anatchula zonse: dzina la masamba, mtundu wa kabokosi ka mankhwala a pa msika, kangati pa tsiku, kuyambira liti. Anatchulanso za kansalu asanafunsidwe.

Tawonga anagonekedwa milungu itatu, akumudontheza mankhwala ola lililonse masiku oyambirira. Agogo ake anakana kubwerera kumudzi. Ankagona pansi pafupi ndi bedi, ngakhale kuti sakanatha kumuthira mankhwala kapena kukatenga chakudya okha. Diso silinabooke ndipo silinachotsedwe. Koma chilonda chitapola chinasiya chipsera choyera pakati penipeni, ndipo mpaka lero diso limenelo limangoona kuwala ndi zithunzithunzi. Dokotala ananena mosabisa kuti tikanabwera Lolemba nkhani ikanakhala ina. Mawu amenewo anandilasa inenso, chifukwa Lolemba ndinaliona disolo n'kunena kuti lipola. Mayeso analemba ndi diso limodzi ndipo anakhoza.

A NyaMsiska nawo anawayeza. Anapeza kuti maso oyera ngati a khanda aja anali atafota mitsempha kumbuyo, ndipo anati mankhwala a mtundu umene ankagulawo, munthu akamadontheza zaka ndi zaka popanda womuyeza, amatha kuchita zimenezo. Zotayika sizikanabwerera. Anawapatsa ena oti asunge kabowo kotsalako, ndipo kanakhalako zaka zingapo kasanatsekeke.

Katundu wanga sanakwere galimoto. Sanandithamangitse, sanandithokoze, sanapepese. Anangosiya kundilankhula. Ndinkaodira kumpanda, iwo n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Kansalu kofiira anakaponya pamoto tsiku limene anabwerako kuchipatala. Anthu ogwira kumaso ankabwerabe, ndipo ankawabweza ndi ukali woposa wakale: ankawauza kuti atsire madzi oyera, asiye kutikita ngati anyani, akwere njinga apite kuchipatala dzuwa lisanapendeke. Wina akaumirira ankamuuza kuti lilime linapuma ntchito, akafune la amake. Chifukwa chake sankachinena, ndipo ine ndi Tawonga sitinauze munthu. Anthu anangoona kuti wa ku Dedza atabera mwana, lilime linatha, ndipo ena anasiya kundiyankha moni.

Ndinkawakwiyira, ndisaname. Ndikamuona Tawonga akuphonya kapu pothira tiyi, kapena akudzidzimuka njinga ikamudutsa kumanja, ndinkafuna kupita pakhonde paja n'kuwafunsa ngati ulemu wa pamudzi unali wokwana kugula diso la mwana. Sindinapite. Ndinkawamveranso chisoni, ndipo zinthu ziwirizi zinkakhala mwa ine osagonjetsana.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina ndikutseka chitseko kuti ndizipita kusukulu, ndinamva mawu kuchokera pakhonde.

"Asambizgi. Bwerani mundionere."

Tawonga anali ataima patsogolo pawo atanyamula chikwama. Ndinamvetsa. Ndinamukweza chibwano, ndinayang'ana chipsera chija m'diso.

"Chilipo?"

"Chilipo, amama."

"Chachepa?"

"Chili chomwecho."

Anagwedeza mutu n'kutiuza kuti tizipita tingachedwe. Mawa lake anaitananso, ndi mkuja. Dokotala anali atawauza kuti chipsera sichichoka, ndipo ankadziwa bwino lomwe, koma ankafunsabe m'mawa uliwonse umene Tawonga anali pakhomo, zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana anapita ku sekondale yoyendera, anamaliza, anayamba kulima yekha munda wa agogo ake, mafunso ali omwewo awiri. Pa zinthu zina tinabwerera mwakale. Ankandilalatira za nkhuku zanga, za wayilesi, za alendo anga osadziwa kuodira. Koma pa mafunso awiri aja mawu awo ankakhala otsika.

Kamodzi kokha ndinayesa kuwanamiza. Anali atadwala malungo, atafooka, ndipo ndinati ndiwasangalatse. Atafunsa ngati chachepa ndinati inde, chikuoneka ngati chachepa pang'ono. Anafufuza dzanja langa n'kulifinya mpaka kupweteka.

"Pa diso ili ndinanama kale ine. Inu musawonjezere."

Anamwalira mpunga uli pa mphasa, atadwala chifuwa sabata imodzi. M'mawa wa tsiku lomaliza anali atasiya kudya ndi kumwa, ndipo amayi a kumpingo anali atadzaza m'chipinda. Ndinkaganiza kuti sakuzindikiranso munthu. Nditaodira pakhomo milomo yawo inagwedera, ndipo Tawonga anandikodola. Ndinagwada, ndinamukweza chibwano pamaso pa amayi onse aja amene sankadziwa chimene tikuchita, ndinayang'ana, ndinayankha mafunso onse awiri ngakhale kuti lachiwirilo silinamveke.

Pakhonde pawo sipanasinthe kwenikweni. Kampando kathabwa kali pomwe kankakhala, miyendo yake inakumba timaenje m'dothi moti ukakasuntha kamabwerera komweko. Msomali uli pamwamba pa chitseko, wadzimbiri, ndipo palibe amene amakolekapo kanthu. Kanjira kochokera kukhonde kupita kukhitchini n'kosesedwa, ndipo mpaka lero sindisiyapo mbaula kapena ndowa, ngakhale kulibe woti apunthwe. Mphepo ya mwera ikabwera imaunjika mankhusu a kwa aneba pansi pa kampandoko, Tawonga amasesa, mawa lake abweranso.

M'mawa ndikamatseka chitseko, iye amakhala akutuluka ndi khasu kapena lichero. Masiku ambiri timangopatsana moni. Koma masiku ena amaiwala, amaima patsogolo panga pafupi ndi khonde n'kukweza chibwano yekha. Ine ndimayang'ana, poti ndinazolowera.

"Chilipo," ndimatero.

Tikatero timaima tonse awiri, kudikira funso lachiwiri kuchokera pa kampando.